Tifunseni za Chiyankhulo: Kodi “Mbuli Yophunzira” ndi Chichewa Cholondola?

Makalata ambiri a mwezi uno afunsa za nsinjiro imodzi ya chiyankhulo, ija yoika mawu awiri otsutsana pamalo amodzi, monga “moto wozizira” kapena “misozi yachimwemwe”. M'Chingerezi amaitcha oxymoron. Pano tiziitcha msemphano wa mawu. Amene mukukonzekera mayeso, polemba dzina la nsinjiroyi muzitsata dzina limene aphunzitsi anu akugwiritsa ntchito m'kalasi.

FUNSO: M'ndakatulo ina tinapeza mawu akuti “mbuli yophunzira”. Mnzanga akuti mlakatuli analakwitsa, chifukwa munthu sangakhale mbuli komanso wophunzira. Ine ndikuona kuti pali chimene amatanthauza, koma ndikulephera kufotokoza. Akulondola ndani? (Wophunzira wa Fomu 3, Ntcheu)

YANKHO: Ukulondola ndiwe, mwana wathu. Mnzakoyo wayamba bwino koma waima panjira. Waona kuti mawu awiriwa akukanana, ndipo pamenepo ndi poyambira penipeni. Chimene sanachite n'kufunsa kuti liwu lililonse likunena za mbali iti ya munthuyo. “Yophunzira” likunena za mapepala: munthuyu analowa m'kalasi, analemba mayeso, satifiketi ali nayo. “Mbuli” likunena za nzeru zokhalira ndi anthu: samva uphungu, pamaliro amalankhula motumbwa, amataya zinyalala pachitsime chimene iye yemwe amatungapo madzi. Zonse ziwiri n'zoona pa munthu mmodzi, nthawi imodzi. Mlakatuli akanatha kulemba chiganizo chachitali chofotokoza zonsezi, koma wazipanikiza m'mawu awiri. Poti mawuwo akugundana, wowerenga amaima kaye n'kuganiza, ndipo kuimako ndiye chimene mlakatuli amafuna.

Kuti uzindikire msemphano wa mawu, yang'ana zinthu zitatu. Mawu otsutsanawo akhale moyandikana, m'kagulu kamodzi ka mawu, osati lina kumayambiriro kwa ndime lina kumapeto. Akhale otsutsana m'tanthauzo lake la masiku onse, loti ngakhale mwana wa Sitandade 4 angavomereze kuti moto ndi kuzizira siziyendera limodzi. Chachitatu ndi chimene ambiri amaiwala: kutsutsanako kumasulike. Njira yoyesera ndi yapafupi. Ika liwu lakuti “koma” pakati, umalize chiganizo. “Mbuli yophunzira” chimakhala “anaphunzira kusukulu koma alibe nzeru zaumunthu”. “Maliro oyenda” chimakhala “akuyenda ndithu koma thupi latha, mphamvu palibe”. Tsopano yesa “tebulo lalitali lalifupi”. Ukaika “koma” palibe chanzeru chotuluka. Amenewo si msemphano, ndi kulakwitsa chabe.

Dzina la Chingerezi lija linachokera ku mawu awiri a Chigiriki, oxys kutanthauza chakuthwa, ndi moros kutanthauza chobuntha kapena chopusa. Ndiye kuti dzinalo palokha ndi chitsanzo cha chinthu chimene likutchula.

FUNSO: Ndimaphunzitsa Chinyanja ku sekondale. Ana anga amasokoneza nsinjiroyi ndi miyambi ngati “Kupatsa n'kuika”, ndiponso ndi kulankhula konyogodola. Malire ake ali pati, ndipo ndingawaonetse bwanji m'kalasi? (Mphunzitsi, Chipata)

YANKHO: Aphunzitsi, anawo sakusokoneza popanda chifukwa, pakuti nsinjiro zonsezi zimagwiritsa ntchito kutsutsana. Zimasiyana pa kukula kwake ndiponso pa malo amene kutsutsanako kwakhala.

“Kupatsa n'kuika” ndi chiganizo chathunthu. Chikunena mfundo yooneka ngati yosatheka, poti chimene wapatsa mnzako chachoka m'manja mwako, nanga wachisunga bwanji? Ukaganiza umapeza kuti wopatsidwayo adzakukumbukira tsiku la mavuto ako. “Kuthamanga si kufika” ndi chimodzimodzi. Apa kutsutsana kuli m'ganizo lonse, ndipo ganizolo mungalivomereze kapena kulikana. Msemphano wa mawu suli chiganizo. “Kukoma kowawa” sikunena kuti chakuti chachitika, ndi kagulu ka mawu kofunika kulowa m'chiganizo china, monga “Tsabola wa kambuzi ali ndi kukoma kowawa”.

Pali mtundu wina woika zinthu ziwiri zosiyana mbali ndi mbali, chilichonse pamalo pake. “Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere” ndi chitsanzo: kukoma kuli kunja, nyerere zili m'kati. Palibe liwu limene likufotokoza linzake, zangoyang'anizana. Kunyogodola ndiye kuli patali ndithu, chifukwa kutsutsana kwake sikuli pakati pa mawu ndi mawu, koma pakati pa mawu ndi zimene zachitika. Mwana waswa mbale, mayi ake akuti, “Wachita bwino, iswa ndi inayo.” Mukalemba mawuwo pabolodi popanda kunena za mbale yoswekayo, palibe angaone chachilendo. Msemphano wa mawu umaoneka ngakhale mutauchotsa m'nkhani n'kuulemba pawokha.

Ndagi nazonso zimayandikira. “Nyumba yopanda khomo” ikumveka ngati msemphano, koma ndagi ili ndi yankho limodzi, chinthu chogwirika, dzira, ndipo likapezeka masewera atha. Msemphano yankho lake ndi ganizo, ndipo ana awiri akhoza kuumasula mosiyana pang'ono onse n'kukhoza.

M'kalasi, njira imene imagwira bwino ndi yowapatsa ana mwambi kuti aupanikize ukhale mawu awiri. Lembani miyambi itatu pabolodi, agaweni anawo m'magulu a anthu anayi kapena asanu, muwapatse mphindi 10. “Kupatsa n'kuika” ungatuluke “kutaya kosunga”. “Chikomekome cha mkuyu” ungatuluke “kukoma kowola”. “Walira mvula walira matope” ungatuluke “dalitso losautsa”. Kenaka gulu lililonse lipereke mawu ake ku gulu lina kuti liwamasule ndi “koma”. Gulu lachiwiri likalephera kumasula, abwerere nawo eni ake akakonze. Mwana amene wachita yekha ntchito yopanikiza chiganizo kukhala mawu awiri saiwalanso kusiyana kwake, pomwe woloweza matanthauzo amasokonezanso pakangopita sabata.

FUNSO: Nanga mawu ngati “bambo wamng'ono”, “mwana wamkulu” kapena “wakongola koopsa”? Mwana wanga analemba amenewa pa ntchito yakunyumba ndipo anamuthetha. (Mayi, Area 25, Lilongwe)

YANKHO: Mayi, aphunzitsiwo anathetha moyenera. “Bambo wamng'ono” ndi dzina la ubale, mng'ono wawo wa bambo. “Wamng'ono” sakutsutsa ubambo, akungosiyanitsa bamboyu ndi abale ake. “Mwana wamkulu” ndi woyamba kubadwa, ndipo “mwana” apa akunena za kubadwa kwa makolo, osati za msinkhu. Munthu wa zaka 60 ndi mwanabe kwa amene anamubereka. “Mkaka waufa” nawonso ndi dzina la katundu wa m'golosale. Palibe amene amaima kudabwa akamva mawu amenewa, ndipo wolankhula sanafune kudabwitsa aliyense.

“Wakongola koopsa” ndi nkhani ina pang'ono. Kukongola ndi kuopsa zikhoza kugundana, koma pakamwa pa anthu “koopsa” anasanduka mawu okulitsira, ofanana ndi “kwambiri” kapena “zedi”. Nsima imakoma koopsa, dzuwa limaswa koopsa. Mantha anachokamo. Mlakatuli akhoza kuwabwezeramo, mwachitsanzo polemba za “kukongola koopsa” kwa mtsinje wosefukira umene ukukokolola minda, chifukwa pamenepo madziwo ndi okongoladi ndipo ndi oopsadi. Muuzeni mwanayo ayesenso ndi “misozi yachimwemwe” ndi “bata laphokoso”, ndipo chilichonse achiike m'chiganizo.

FUNSO: Ndimalemba ndakatulo zolakatula pa misonkhano ndi pawailesi. Ndikayesa kupanga misemphano yangayanga imamveka yokakamiza. Ndiyambire pati, ndipo ingati ndiyokwanira m'ndakatulo imodzi? (Mlakatuli wachinyamata, Zomba)

YANKHO: Tikuganiza kuti mumayambira ku mawu, achimwene. Ambiri amatero: amalemba mndandanda wa mawu otsutsana, kuwala ndi mdima, moyo ndi imfa, kutentha ndi kuzizira, n'kuyamba kuwalumikiza. Zotuluka zake zimamveka zokakamiza chifukwa palibe chinthu chenicheni chimene chili kumbuyo kwake. Yambirani ku chochitika chimene chili ndi nkhope ziwiri.

Titenge chitsanzo chodziwika m'midzi yambiri. Mayi ali ndi mwana amene anapita ku Joni. Ndalama zimabwera pafoni mwezi ndi mwezi, nyumba anafolera malata, ufa sukusowa, koma mwanayo sanapondeko pakhomo kwa zaka. Choyamba lembani zimenezi m'chiganizo wamba chokhala ndi “koma”: “M'nyumba muli chakudya koma mtima wa mayi ukusowa mwana.” Chachiwiri, tulutsani liwu limodzi kumbali iliyonse ya “koma”. Kumanzere kuli kukhuta, kumanja kuli njala. Chachitatu, sankhani liwu limene likhale dzina ndi limene likhale mfotokozi. Apa ndi pamene luso lagona, ndipo ambiri amapadumpha.

M'Chichewa dzina limatsogola, mfotokozi amatsata pambuyo. Khutu limamva dzina poyamba n'kuyembekezera zozolowereka, kenaka mfotokozi ndiye amagwetsa chiyembekezocho. Dzina limanena chimene chinthucho chili kwenikweni, mfotokozi amabweretsa chodabwitsa. “Njala yokhuta” ikunena kuti chenicheni ndi njala, kukhutako n'kwapamwamba chabe. “Kukhuta kwanjala” kukunena kuti chenicheni ndi kukhuta, koma muli kachilema. Kwa mayi uja, amene usiku sagona poganizira mwana, woyamba ndiye woona. Mizere yake ingakhale yotere:

Ndalama zafika, mwana sanafike,
tagonanso ndi njala yokhuta.

Onani kuti mzere woyamba wakonza njira. Womvera akafika pa “njala yokhuta” ali kale ndi zomasulira m'manja. Mukachotsa mzere woyambawo, mawu awiriwo amangolendewera. Ichi ndiye cholakwika chachikulu kwa olakatula pagulu, chifukwa womvera alibe mwayi wobwerera m'mbuyo monga wowerenga. Muikeni pamalo poti amve msanga, ndipo malo abwino ndi kumapeto kwa mzere. Chichewa chimatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto pamene wolankhula akupuma, choncho “yokhuta” akakhala kothera mzere amamveka motalika pa “khu”, ndipo kupuma kotsatirako kumapatsa womvera nthawi yoganiza.

Tsopano kalumikizidwe kake. Njira zofala ndi zitatu. Yoyamba ndi dzina ndi mfotokozi wochokera ku mneni, ndipo mgwirizanitsi atsate gulu la dzinalo: moto wozizira, bodza loona, chinsinsi chodziwika, mbuli yophunzira, maliro oyenda, zinsinsi zodziwika, kuwawa kokoma. Samalani ndi aneni a phatikizo limodzi monga -fa, -dya, -mwa, -ba ndi -psa. Amenewa sataya “ku”, choncho timati “moyo wakufa”, “mlonda wakuba”, monga timanenera “chakudya” ndi “zakumwa”. Njira yachiwiri ndi dzina ndi dzina linzake zolumikizidwa ndi -a: ufulu waukapolo, chikondi chankhanza, misozi yachimwemwe. Polemba, mawu ofotokozawa amaphatikizidwa. Mukalemba molekanitsa ndi chilembo chachikulu, “misozi ya Chimwemwe”, mwanena za misozi ya munthu wotchedwa Chimwemwe, ndipo nsinjiro yatha. Njira yachitatu ndi mneni ndi muonjezi: kulira mosekerera, kufuula mwakachetechete, kufulumira pang'onopang'ono. Womalizayu ndi wakale kwambiri. Wolemba mbiri wa ku Roma, Suetonius, analemba kuti mfumu Augustus, amene anamwalira m'chaka cha 14 A.D., ankakonda kunena mawu amenewa pa nkhani ya utsogoleri wa nkhondo, kutanthauza kuti ntchito iyende koma mosaphwanya zinthu.

Za kuchuluka, maganizo athu ndi akuti m'ndakatulo ya mizere 20 mpaka 30 umodzi ukwanira, ikachulukitsa iwiri. Msemphano uli ngati tsabola m'ndiwo: ukapyola muyeso, wodya samvanso kuti munali nsomba kapena nyemba. Womvera akamva wachitatu ndi wachinayi amayamba kuyembekezera wotsatira m'malo momvera nkhani. Pali nthawi imene kuunjika kumakhala ndi cholinga, ndipo tanena za zimenezo poyankha funso la sewero m'munsimu.

Zolakwika zina ziwiri tizitchule mwachidule. China ndi kumasulira nokha mzere wotsatira, monga kulemba “njala yokhuta, ndiye kuti timadya koma tikumusowa”. Mwamulanda womvera ntchito yake, ndipo mawu afooka. China ndi kutenga mawu amene sakutsutsana kwenikweni. “Usiku wokongola” si msemphano, chifukwa palibe lamulo loti usiku uzinyansa. “Usiku wowala” wayandikira, koma mwezi ukakhala wathunthu ndi zoona wamba. Musanalakatule pagulu, werengerani munthu mmodzi amene sadziwa zimene mumaganiza polemba, mumufunse kuti wamvapo chiyani. Akamasula mofanana ndi chiganizo chanu cha “koma” chija, mawuwo agwira.

FUNSO: Ndimalalikira kumpingo kwathu. Pa Aroma 12:1 pali mawu akuti “nsembe yamoyo”. Wina anandiuza kuti imeneyi ndi nsinjiro ya chiyankhulo. Kodi n'zoona, ndipo zikusintha chiyani pa ulaliki? (Mkulu wa mpingo, Mchinji)

YANKHO: N'zoona, bambo, ndipo ndi chimodzi mwa zitsanzo zomveka bwino kwambiri zimene owerenga Chichewa ali nazo. Vuto ndi lakuti mawuwa tawamva kuyambira tili ana, moti kugundana kwake sitikukumvanso. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, ndipo mibadwo ingapo yakula ikuwamva m'mapemphero ndi m'nyimbo.

Kwa anthu amene Paulo ankawalembera, Ayuda ndi Aroma omwe, nsembe yodziwika kwambiri inali nyama yophedwa paguwa. Levitiko chaputala 1 amafotokoza ng'ombe, nkhosa, mbuzi kapena mbalame yophedwa ndi kutenthedwa. Kunena kuti “yamoyo” pambali pa liwu limenelo kunali kugwedeza womvera. Kuno kwathu pali china choti muganizire. Pamwambo wa makolo, nsembe nthawi zambiri inali ufa kapena mowa wothira patsinde pa mtengo kapena kukachisi, ndiye womvera wina akamva “nsembe” saganiza za kupha. Komabe amadziwa kuti chothiridwa nsembe sichitoledwanso, chapita kwa mwini wake. Mukhoza kuyambira pamenepo: munthu woperekedwa kotheratu, wosabwezedwa, koma akudzuka m'mawa, akulima, akugulitsa pamsika.

Polalikira, fotokozani liwu lililonse palokha poyamba, mpaka anthu aone kuti awiriwa sayenera kukhalira limodzi. Mukatero ndiye muwalumikize. Cholakwika chofala n'kutaya mbali imodzi. Wina amalalikira za nsembe yokha, ulaliki n'kusanduka wa zopereka. Wina amalalikira za moyo wokha, kudzipereka n'kusowa. Tanthauzo lili pa kugwira zonse ziwiri. Chimodzimodzi pa 1 Petro 2:4-5, pamene pali “mwala wamoyo” ndi “miyala yamoyo”: mwala ukunena za kulimba ndi kukhazikika m'khoma la nyumba, moyo ukunena kuti nyumbayo ndi ya anthu. Koma 2 Akorinto 12:10, pamene Paulo akunena kuti pamene ali wofooka ndi pamene ali wamphamvu, ndi chiganizo chathunthu, cha mtundu wa “Kupatsa n'kuika” umene tafotokoza kwa aphunzitsi a ku Chipata.

FUNSO: Tikuwerenga sewero la Romeo and Juliet. Pali malo amene Romeo akuunjika mawu otsutsana ambirimbiri. N'chifukwa chiyani wolemba anachita zimenezi, ndipo funso lotere likabwera pamayeso ndiyankhe motani? (Wophunzira wa Fomu 4, Ndirande)

YANKHO: Malo amene ukunenawo ali m'gawo loyamba, chithunzi choyamba. Romeo akulankhula ndi msuweni wake Benvolio, ndipo tikawaika m'Chichewa mawu ake akuti chidani chokonda, nthenga yamtovu, utsi wowala, moto wozizira, thanzi lodwala. Chinthu choyamba kukumbukira, chimene ophunzira ambiri amaphonya, n'chakuti apa Romeo sanakumanebe ndi Juliet. Akudandaula za mtsikana wina, Rosaline, amene sakumufuna. William Shakespeare analemba seweroli m'zaka za m'ma 1590, nthawi imene alakatuli ambiri a ku England ankatsanzira Petrarch, mlakatuli wa ku Italy amene anakhala ndi moyo kuyambira 1304 mpaka 1374. Kalembedwe kameneko kankakonda kufotokoza chikondi ngati moto wozizira ndi ululu wokoma. Choncho kuunjikaku kukuonetsa mnyamata wosokonezeka maganizo, amenenso akulankhula za chikondi ndi mawu obwereka, ozolowereka m'ndakatulo za nthawi yake.

Yerekeza ndi gawo lachitatu, chithunzi chachiwiri. Juliet wangomva kuti Romeo, mwamuna wake, wapha Tybalt, msuweni wa Juliet yemweyo. Nayenso akuunjika: wankhanza wokongola, chiwanda chaungelo, woyera mtima wotembereredwa, chigawenga cholemekezeka. Nsinjiro ndi yomweyo koma kulemera kwake n'kosiyana. Apa mbali zonse ziwiri n'zenizeni ndipo magazi akhetsedwa. Munthu mmodzi yemweyo ndi wokondedwa wake ndiponso wakupha m'bale wake. Ukatha kuonetsa kusiyana kwa malo awiriwa, wochonga mayeso amadziwa kuti sewerolo unaliwerenga, sunangoloweza dzina la nsinjiro.

Poyankha, kaya ndi pepala la Chingerezi kaya la Chichewa pa mayeso a MSCE, chita zinthu zinayi motsatana. Tchula dzina la nsinjiro. Lemba mawu enieniwo monga alili m'ndime, ndipo uonetse awiri amene akutsutsana. Masulira tanthauzo lake molingana ndi zimene zikuchitika pamalopo, kutchula wolankhula ndi chimene chamuchitikira. Pomaliza nena chimene mawuwo akuonetsa pa mtima wa wolankhulayo kapena pa mutu wa nkhani. Ambiri amathera pa ziwiri zoyambazo. Ena amalemba kuti “wolemba wagwiritsa ntchito nsinjiroyi pofuna kukometsa nkhani”, yankho loti lingakwane pa nsinjiro iliyonse, ndiye silinena kanthu. Yankho logwira limamveka chonchi: mawu akuti “moto wozizira” akuonetsa kuti Romeo akutentha ndi chikondi pomwe Rosaline sakumubwezera chikondicho, choncho chimene chikanamufunditsa chikumusiya ali wozizidwa.

FUNSO: Ndimamasulira nkhani ndi zikalata kuchokera ku Chingerezi kupita ku Chichewa. Ndikakumana ndi mawu otsutsana otere, ndiwamasulire liwu ndi liwu kapena ndingopereka tanthauzo? (Womasulira, Johannesburg)

YANKHO: Funsani kaye kuti wolemba anawaika dala kapena ayi, ndipo ngati anawaika dala, ankafuna kuunikira kapena kubisa.

M'ndakatulo, m'nthano ndi m'malankhulidwe okopa anthu, yesetsani kusunga kugundanako, koma ndi mawu amene akugundanadi m'Chichewa. “Open secret” amatuluka bwino: chinsinsi chodziwa aliyense. “Bittersweet” amakhala kukoma kowawa, kapena chimwemwe chachisoni ngati nkhani ndi ya mumtima osati ya pakamwa. “Deafening silence” mukawatsata liwu ndi liwu mupeza chiganizo chachitali cholemera pakamwa. “Bata laphokoso” ndi lalifupi ndipo likugwira. Nthawi zina Chichewa chimachita ntchito yomweyo ndi mvekero: “Atafunsa za ndalamazo, m'chipinda monse munangoti zii.” Kumbukiraninso kuti Chingerezi chimatsogoza mfotokozi pomwe Chichewa chimatsogoza dzina, ndiye liwu lodabwitsa limasintha malo. Werengani mokweza mumve ngati kugundako kukufika pamalo oyenera.

Ena amaoneka otsutsana m'Chingerezi chokha. Anthu amakonda kutchula “civil war” ngati chitsanzo, poti liwu loyambalo limatanthauzanso ulemu, koma tanthauzo lake pamenepo ndi nkhondo ya nzika za dziko limodzi. “Nkhondo yapachiweniweni” yakwana, musafunefune msemphano umene palibe.

Mtundu wofunika kusamala nawo kwambiri ndi wa m'malipoti a zachuma ndi a m'maofesi, monga “negative growth”. Akatswiri amagwiritsa ntchito mawuwa ngati dzina wamba la chiwerengero chotsika pansi pa 0, koma kwa womvera wailesi “kukula kobwerera m'mbuyo” kumangophimba nkhani. Nenani poyera kuti chuma chatsika, ndipo mupereke chiwerengero chimene chili m'lipotilo. Mukamasulira kalata ya kuchipatala, ya kukhoti kapena ya olowa ndi kutuluka m'dziko, lamulo ndi lomwelo: tanthauzo lomveka kamodzi, lopanda nsinjiro.

Zimasiyana pamene mawu otsutsanawo ndi a munthu amene mukumugwira mawu. Maphunziro a pulayimale aulere anayamba m'Malawi mu 1994, ndipo kholo limene lauzidwa kuti lipereke ndalama ya chitukuko cha sukulu likhoza kunena kuti “sukulu yaulere yolipira”. Mawu amenewo ndi dandaulo lathunthu. Mukawasalaza n'kulemba kuti “kholo lina ladandaula za ndalama zimene sukulu zimapempha”, mwachotsa mfundo yake, yoti lonjezo ndi zochitika zasiyana. Asiyeni momwe alili m'zizindikiro zogwira mawu, ndipo ngati mukumasulira kupita ku Chingerezi, pezani mawu awiri amene akugundana chimodzimodzi.